Mfuti ya mapepala siyendera pansi pa mabulangete

Abale athu apamsewu, madalaivala ndi amalonda nonse, nkhani ija inabuka pagulu pano sabata yatha tinafuna tingoidutsa, koma mayankho ena atisowetsa mtendere. Mkulu wina anafunsa mwaulemu. Wakhala ku Joni zaka zambiri, ali ndi chifefe cha layisensi, tsopano akubwerera kumudzi kukalima ndipo akufuna apite nacho. Funso lake linali lakuti agule chikwama chofewa chija cha nsalu ndi zipi, kapena bokosi lolimba lokhoma ndi loko. Anthu angapo anamuyankha kuti agule chofewa, achilowetse pansi pa mabulangete, palibe adzadziwe. Yankho limenelo ndi lomwe linalandira zala zambiri.

Ife tikutsutsa, ndipo tikutsutsa poyera. Mfuti yoyenda ulendo wa pa boda iyende m'bokosi lolimba, lokhoma, mwini wake ali pomwepo ndi kiyi ndi mapepala. Amene mukutamanda chikwama chofewa chifukwa choti sichioneka, simukumuthandiza bamboyo. Mukumuphunzitsa kayendedwe ka ozembetsa pamene iye ndi munthu wa mapepala.

Taganizani bwino za mawu akuti "palibe adzadziwe". Amene asadziweyo ndi ndani? Ngati ndi wakuba, tikambirana. Koma tonse tinamva zomwe ankatanthauza, ankanena wapolisi ndi wa kasitomu. Mfuti ingakhale ndi layisensi yabwino bwanji, mukaidutsitsa pa boda osaionetsa, yasanduka yozembetsa nthawi yomweyo. Ikapezeka pa sikana kapena pochipikisha, ofisala sayamba ndi kufunsa layisensi. Amayamba ndi kufunsa chifukwa chimene munaiika pansi pa mabulangete osanena kanthu pa kauntala, ndipo funso limenelo lilibe yankho labwino. Ife tazolowera kukangana za mitengo ya nsapato ndi mapoto, kuchonderera kuti atichotsereko pang'ono. Mfuti si gulu limenelo. Palibe zochonderera, pali chitokosi.

Tisanamizire chikwama chofewa milandu yomwe chilibe. Ndi chopepuka, ndi chotchipa, chimalowa kuseri kwa mpando wa bakkie, ndipo mukachoka kunyumba kupita kumunda kapena kokayesa mfuti, ulendo wa ola limodzi mfutiyo ili pambali panu, chimagwira ntchito yake. Ngakhale lamulo la mfuti la ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000, silinena kuti pamsewu muzinyamulira m'bokosi lolimba basi. Gawo 84 limafuna kuti mfuti yaitali ikhale m'chonyamulira chopangidwira ntchito imeneyo, yophimbika yonse, ndipo mwini wake akhale woti angathe kuilamulira. Chikwama chofewa chenicheni cha mfuti chimakwanira pamenepo. Wina akakuuzani kuti chofewa n'choletsedwa ku Joni, wakunamizani. Mkangano wathu suli pamenepo.

Mkangano wathu uli pa msewu umene tonse timaudziwa. Kuchoka Johannesburg kudzera Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Zobue ndi Mwanza ndi makilomita oposa 1,600. Maiko anayi, maboda atatu, makauntala asanu ndi limodzi. Galimoto ikayenda bwino ndi masiku awiri kapena atatu, pakavuta sabata imatha. Mwa masiku onsewo katundu amatsitsidwa ndi kukwezedwa kangati? Amene amakweza ndi anyamata otopa, usiku, akuthamangira kuti mzere usawapitirire. Sadziwa chimene chili m'chikwama chanu, ndiponso mwawauza nokha kuti ndi mabulangete. Amachiponya, amachiponda, pamwamba pake n'kusanjikapo zigubu za mafuta ndi makatoni a matailosi. Ife amene tinaswetsapo mbale ndi ma TV pamsewu umenewu sitifunika kuuzidwa kawiri.

Zaka zingapo zapitazo tinakwera galimoto imodzi ndi bambo wina wachikulire, msewu wa Masvingo usanakonzedwe. Anali ndi mfuti yaitali yosakira nyama, yokhala ndi galasi loonera patali. Mapepala ake anali okwanira mbali zonse, ndipo sanabise kanthu, anauza dalaivala poyera. Cholakwa chake chinali chimodzi, anaiika m'chikwama cha nsalu n'kulola kuti chilowe pansi pa katundu poti kutsogolo kunalibe malo. Titafika pa boda ofisala anafuna kuona nambala ya mfutiyo kuti ayerekeze ndi ya pa pemiti. Tinatsitsa theka la thilela kuti chikwamacho chituluke. Potsegula tinapeza thabwa lija lotsamiritsa paphewa lang'aluka cha pogwirira, galasi lapindika. Bamboyo sanamangidwe, mlandu analibe, koma anaima pamenepo ali chete ngati wamva uthenga wa maliro. Ife enafe tinagona pa boda tikupakiranso katundu, ndipo ena anaphonya tsiku la msika.

Kuthyoka ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi kubedwa. Tonse tikudziwa kuti zipi sikhoma kanthu. Mungaikepo kaloko kokongola, munthu amatsegula zipiyo ndi cholembera n'kuitsekanso bwinobwino, inu mudzazindikire muli ku Mwanza. Nsalu imang'ambika ndi lezala. Ndiye kumbukirani malo amene timaima: mzere wa Beitbridge usiku kumene amagumaguma amazungulira, malo ogona mathiraki, pomwetsera mafuta pamene aliyense wathamangira kuchimbudzi. Mfuti ikabedwa simungodandaula ngati taberedwa katoni ya sopo. Ku South Africa kutaya mfuti chifukwa cha kusasamala ndi mlandu wa mwini wake, ndipo muyenera kukanena kupolisi pasanathe maola 24 chizindikirireni. Wapolisi adzakufunsani kuti munaisunga motani. Kunena kuti inali m'bokosi lokhoma ndi maloko awiri, lomangiridwa ku chitsulo cha mpando, n'kosiyana kwambiri ndi kunena kuti inali m'chikwama pansi pa mabulangete m'thilela. Komanso mfuti yobedwayo sipita kukapha anyani. Imakathera m'manja mwa anthu omwewo amene amatiimitsa usiku pamsewu.

Pali kanthu kena ka zikwama zofewa kamene anthu sakaganizira: matumba. Zimabwera ndi timatumba tam'mbali, ndipo mwini mfuti amaponyamo zipolopolo ziwiri zitatu akamachokera kumunda n'kuiwala. Chipolopolo chimodzi chomwe sichili pa pemiti yanu, kapena chopezeka m'chikwama chimene mwabwereketsa mlamu wanu kuti anyamuliremo nsalu, ndi mlandu pachokha. Bokosi lolimba mukalitsegula zonse zili poyera, mulibe pobisalira kanthu. Ofisala amayang'ana kamodzi, amawerenga nambala, mumatseka.

Tsopano tibwere pa mfundo ya anzathu otsutsa imene ili ndi mutu. Akuti bokosi lolimba limadzilengeza lokha. Munthu akaona bokosi lakuda lalitali la maloko amadziwiratu kuti muli mfuti, ndiye mwaitana akuba. Izi n'zoona, sitikukana. Koma yankho lake si kuchotsa chitetezo. Bokosilo musaliike poonekera pawindo, liphimbeni ndi chitenje kapena mulisokere thumba wamba, musamate zithunzi za makampani a mfuti pamwamba pake, musalijambule n'kuika pa status. Kubisa kwa akuba ndi nzeru. Koma mukafika pa boda kapena pa rodibuloko, mawu oyamba otuluka pakamwa panu akhale akuti bwana ndili ndi mfuti ya layisensi, mapepala ndi awa, musanafunsidwe. Musalitsegule nokha mothamanga, dikirani akuuzeni. Anzathu a mabulangete asakaniza zinthu ziwirizi, kubisa kwa akuba ndi kubisa kwa boma, ngati kuti ndi chinthu chimodzi.

Ena akuti bokosi n'lodula. Inde, lenileni ngati la Pelican ndi ndalama zoti mukhoza kuodera katundu wambiri. Koma amene wakwanitsa kugula mfuti, kulipira maphunziro, layisensi ndi sefu, asatiuze kuti bokosi ndi limene lamusaukitsa. Funsani mtengo wa loya tsiku limodzi ku dziko la eni, mudzaona kuti bokosi n'lotchipa.

Pogula musamale, si lililonse lolimba ndi maso lomwe ndi lolimba. Alipo ena a pulasitiki yopyapyala, okhala ndi bowo limodzi la loko pakati pokha. Likhomeni muli m'shopu momwemo, kenako yesani kukanula kumapeto ndi manja. Ngati dzanja likulowa, mfuti ikhoza kutuluka, lisiyeni. Funani lokhala ndi mabowo a loko mbali zonse ziwiri, mahinjesi olimba, ndi siponji yogwira mfuti kuti isamagubuduke. Yezani kutalika kwa mfuti musanapite, ndipo ngati ili ndi galasi yezaninso msinkhu wake, poti ambiri amagula bokosi n'kupeza chivundikiro chikukanikiza galasilo. Maloko gulani anu, kiyi ikhale m'thumba mwanu, yapadera musaiike m'chikwama chomwe chili pambali pa bokosilo.

Bokosi lolimba lili ndi chilema chake chomwe ogulitsa sakuuzani: siponji imasunga chinyontho. Mukatsekera mfuti tsiku la mvula, n'kudutsa nayo kutentha kwa ku Tete kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, m'bokosimo mumachita thukuta ndipo mpope umagwira dzimbiri msanga. Ipukuteni ndi kansalu ka mafuta a mfuti musanatseke. Timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timapeza m'makatoni a nsapato n'kumataya, sonkhanitsani muponyemo. Mukafika itulutseni ipite mu sefu, bokosi ndi la paulendo, si nyumba yake.

Mfutiyo ilowe m'bokosi ilibe chipolopolo ngakhale chimodzi. Yang'anani ndi maso, osadalira kukumbukira. Magazini ichoke, ndipo ngati bawuti yake imachoka ichotseni, zimenezi zimakhazika mtima pansi ofisala amene akutsegula. Zipolopolo zikhale m'kabokosi kake kokhoma, chiwerengero chake chifanane ndi cholembedwa pa pemiti. Ikani mfutiyo mbali ya nambala ili pamwamba. Mafotokope a mapepala akhale m'bokosi, enieniwo akhale pathupi panu. Ndipo musaiwale kuti bokosi lokhoma si sefu. Kulisiya m'galimoto pa Musina inu n'kupita kokadya, kwa apolisi a ku Joni ndi chimodzimodzi kuisiya mfutiyo payokha. Mwini wake sachoka pafupi nalo, ngakhale zitanthauze kudyera m'galimoto masiku atatu.

Apa ndi pamene tiyenera kudzudzula mbali zonse ziwiri, chifukwa nawonso ena otamanda bokosi analankhula ngati kuti ukagula la maloko awiri basi wamaliza. Bokosi si pemiti. Layisensi ya mfuti si Yellow Card ya COMESA yomwe imagwira m'maiko angapo. Imathera pa mzere wa dziko limene linaipereka. Maiko a SADC anasainirana pangano loyendetsera nkhani za mfuti ndi zipolopolo mu 2001, ndipo anasainira ku Blantyre konkuno, koma panganolo linabwera kudzalimbitsa malamulo a kalowetsedwe, katulutsidwe ndi kadutsitsidwe ka mfuti, silinabweretse layisensi imodzi ya chigawo chonse. Ndipo musalote zoti ilowa pa STR ija timakiliyalira nayo katundu wochepa, mfuti siili pa mndandanda umenewo.

Choncho mkulu wathu uja ayambire kumene mfutiyo ikupita. Apolisi akwawo, ku ofesi yolembetsa mfuti, amupatse kaye chilolezo choilowetsa. Akakhala nacho ndi pamene apolisi a ku South Africa angamve pempho lake loitulutsa, ndipo fomu yake ndi SAPS 520, yomwenso amadzaza alenje obwera ndi mfuti zawo kwa kanthawi kapena ongodutsa nazo. Amadzaza ndi cholembera chakuda ndipo amasainira pamaso pa wapolisi, osati kunyumba. Kenako pali Zimbabwe ndi Mozambique. Kungodutsa si chifukwa, dziko lililonse limafuna chilolezo chake cholembedwa, chotengedwa ulendo usanayambe. Musadalire kuti mukakonza pa boda, ndipo musamvere marana amene amalonjeza kuti amadziwana ndi mabwana. Rana angakuthamangitsireni pasipoti, koma tsiku la mlandu simudzamuona. Amene akuganiza zozungulira ku Botswana kudzera pa mlatho wa Kazungula adziwe kuti kumeneko nako malamulo ndi okhwima, makamaka pa mfuti zing'onozing'ono za m'manja.

Mukawerengera zonsezi mudzaona kuti nthawi zambiri ndege ndi yosavuta kuposa msewu, poti mumathana ndi maiko awiri okha m'malo mwa anayi. Ndipo taonani chimene a ndege amafuna: mfuti yopanda chipolopolo, m'bokosi lolimba lokhoma, yonenedwa pa kauntala, zipolopolo zopakidwa pazokha zosapitirira makilogalamu 5 pa munthu mmodzi. Chikwama chofewa amachibweza pomwepo. Anthu amene ntchito yawo ndi kunyamula katundu wa eni tsiku lililonse anaona kale chimene chimachitika kwa zikwama. Thilela ya transipota siisamala katundu kuposa ndege. Njira ina, imene ambiri safuna kuimva chifukwa mfuti anaizolowera ngati mwana, ndi kuigulitsa kudzera ku shopu yovomerezeka komweko n'kudzafunsira ina kwanu. Amene mukuganiza za basi funsani kaye ku ofesi yawo, makampani ambiri salola mfuti m'basi ngakhale ya layisensi.

Madalaivala ndi matransipota, gawo ili ndi lanu, ndipo pano bokosi lolimba lomwe talitamandali limasanduka mdani wanu. Munthu akabwera ku depoti ndi bokosi lokhoma, n'kunena kuti achimwene kandisiyireni ku Lilongwe, kiyi ili kale kwa olandira, kanani. Akanena kuti ndi zipangizo za makaniko, auzeni atsegule muone. Akakana, katunduyo asakwere. Ngakhale atatsegula n'kukuonetsani layisensi yake yeniyeni, layisensiyo ndi yake, si yanu. Iye akatsala ku Joni, amene ali ndi mfuti m'manja ndi inu, ndipo ku South Africa kupezeka ndi mfuti yopanda layisensi yanu chilango chake chimafika zaka 15. Lamulo lomwelo, gawo 86, limati aliyense wonyamula mfuti za ena molipidwa akhale ndi pemiti yapadera ya ntchito imeneyo. Ndi angati pagulu pano amene ali nayo? Onjezani kuti chinthucho sichili pa manifesiti, kuti a kasitomu ali ndi mphamvu yogwira galimoto yonyamula katundu woletsedwa wosanenedwa, ndi kuti bwana wa kampani adzanena kuti sakudziwa kanthu. Thiraki ikagwidwa, katundu wa amayi makumi awiri amene anakongola ndalama ku banki mkhonde wagwidwira limodzi. Ma rand angapo a kakatundu ka pambali sangalipire zimenezo.

Tikudziwa kuti ena mwa inu mumalakalaka kanthu kodzitetezera m'kabini. Tinaona mathiraki akuotchedwa pa N3, tinasonkha ndalama za maliro a anzathu. Mantha amenewo si opeka ndipo sitikuwaseka. Koma pisitolo ya layisensi ya kwanu ikadutsa boda popanda chilolezo cha dziko limene mwalowalo, ndi yopanda layisensi, kaya ili m'chikwama, m'bokosi kapena pansi pa matiresi. Amene angaipeze msanga ndi wapolisi wa pa rodibuloko, osati chigawenga.

Amalonda anzathu amene mwayamba kuoda mfuti za mpweya zophera mbalame, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Zoti shopu ya ku Johannesburg yakugulitsani popanda kufunsa layisensi sizitanthauza kuti Zimbabwe, Mozambique kapena kwanu aziona chimodzimodzi. Pa sikana imaoneka ngati mfuti ina iliyonse, ndipo ikapezeka itakulungidwa m'makatani mudzafotokozera muli m'chitokosi. Funsani kupolisi ndi ku kasitomu musanagule, yankho likhale lolembedwa, ndipo ilembeni pa fomu ya katundu ndi dzina lake lenileni, osati zoseweretsa ana.

Kwa bambo amene munafunsa, musagule kaye kalikonse sabata ino. Yambani ndi kalata ya apolisi akwanu, kenako mufunse a ndege mtengo ndi malamulo awo, chifukwa muyezo wa bokosi umene angakuuzeni ndi umene mukagule. A admin, uthenga uja wa mabulangete ukadali pamwamba ndipo anthu akuutumiza m'magulu ena. Tikupempha muuchotse lero.